Ana aja timawatcha opulupudza

Aphunzitsi ndi makolo anzanga kumudzi, ndiloleni ndilankhule za ana aja timawatcha opulupudza, osamva, kapena mbuli zobwereza Sitandade 2 kawiri katatu. Ine ndimagwira ntchito yothandizira aphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Leeds, ku England, ndipo ana amene ndimakhala nawo tsiku lonse ndi omwewo.

Kuno mwana wotere amamuyeza. Ena amapezeka ndi ADHD, vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Ena ali ndi dyslexia, zilembo zimawasokoneza ngakhale mutu uli wakuthwa. Sukulu iliyonse ya boma imayenera kukhala ndi mphunzitsi woona za ana otere, amamutcha SENCO, ndipo lamulo la 2014 linabweretsa chikalata cha EHCP chomwe chimakakamiza khonsolo kupereka thandizo lomwe lalembedwamo. Chikwapu anachiletsa m'sukulu za boma mu 1986.

Musaganize kuti zonse zili myaa. Mzere wa kuzipatala za boma (NHS) ndi wautali, m'madera ambiri mwana amadikira kupitirira chaka asanayezedwe, makolo akulimbana ndi mapepala okhaokha. Nyengo yozizira mwana amabindikira m'nyumba, palibe agogo kapena azakhali omulandirako mayi wotopa. Apa kwathu tili patsogolo: mwana amathamanga pabwalo, amatumidwa kumjigo, mphamvu zake zimapeza kopita.

Koma chimene chimandiwawa n'chakuti zambiri zomwe zimathandiza kuno sizifuna ndalama. Mwanayo timamukhazika kutsogolo, kutali ndi zenera. Timamuuza chinthu chimodzi, akatha timuuza china. Tikaona kuti wayamba kutekeseka timamutuma kukagawa makope kapena kufufuta pabolodi, asanafike posokoneza anzake. Akakhala phee mphindi zisanu timamuyamikira pompo, osadikira kumapeto kwa teremu. Kwathu mwana yemweyo timamutchetchetsa udzu anzake akuphunzira, mawa lake n'kumukalipira kuti sakudziwa kanthu. Ena amapita naye kukamutulutsa ziwanda, mwana n'kukula akukhulupirira kuti iyeyo ndi woipa.

Sindikunyoza aphunzitsi. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, pali makalasi a Sitandade 1 okhala ndi ana oposa 100 pa mphunzitsi mmodzi, ndipo akatswiri a ana otere ochokera ku koleji ya Montfort ku Nguludi ndi ochepa poyerekeza ndi sukulu zathu. Komabe malo a kutsogolo m'kalasi alipo, ndipo bolodi limafunika wolifufuta tsiku lililonse.

Inu makolo, mwana akamabwereza kalasi yambani mwamuyezetsa maso ndi makutu kuchipatala, chifukwa ena vuto limakhala pamenepo. Kenako funsani ahedi kapena a PEA (alangizi a maphunziro) kuti mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera ali pasukulu iti m'zoni mwanu. Chonde, mwanayo musamusiyitse sukulu.