Zinthu Zimene Tinkangozidutsa pa Minibasi

Mwana wathu wa Sitandade 7 atabwera ndi funso la kusukulu lakuti atchule nyumba yakale imene anaionapo ndi maso ake, tonse m'nyumba tinangoti chete. Takhala ku Balaka zaka zambiri, msewu wa ku Zomba timauyenda kawirikawiri, koma timangotsika pa chipatala, pa msika kapena pa maliro. Tsiku lomwelo tinagwirizana ndi mabanja ena awiri kuti Lamlungu lina titenge ana tikaone zimene timangozidutsa. Paja akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Tinanyamuka m'mamawa titanyamula mbatata yophika, mtedza, nthochi ndi madzi akumwa m'mabotolo. Poyamba tinatsika ku Liwonde, m'boma la Machinga, ndipo tinawoloka mtsinje wa Shire wapansi pa Kamuzu Barrage. Chipupa cha zitseko chimenechi chinamangidwa mu 1965 kuti chizisunga ndi kutulutsa madzi mwa muyeso. Ana anadabwa kumva kuti magetsi opangidwa ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadalira madzi odutsa pansi pa mapazi awo.

Ku Liwonde sitinapite ku nyumba yoonetseramo zaluso. Zaluso zake zili panja, m'mbali mwa msewu wopita ku Zomba, m'zisakasa za amisiri osema. Tinaona njovu, mvuu, mbale zamtengo, mabawo ndi mipando yotchuka ija yotchedwa mipando ya mafumu. Mpando umenewu ndi matabwa awiri okha, lina limalowa pa bowo la linzake, popanda msomali ngakhale umodzi. Thabwa lotsamira ndilo limanyamula luso lonse: mayi atasenza mtsuko, asodzi m'bwato, nyama za m'tchire.

Mmisiri wina wachikulire anatilola kukhala pambali pake akugwira ntchito ndi kasemasema ndi tchizulo. Mtsikana wathu anafunsa kuti, "Agogo, mtengo umenewu mumautenga kuti?" Iwo anayamba apumira m'mwamba, n'kunena kuti kale mlombwa, mbawa ndi phingo zinali pafupi, koma lero amazifuna kutali chifukwa mapiri ametedwa ndi makala. Tinayang'ana mapiriwo, ndipo zipsera zake zinkaoneka. Tinagula kambale kamodzi osanenerera mtengo mopitirira, poona thukuta limene linalowapo.

Titakweranso minibasi, tinalozera ana mapiri a Chikala chakum'mawa. Kumeneko n'kumene mfumu ya Chiyao, Kawinga, inali ndi linga lake mpaka pamene asilikali a boma la atsamunda analigonjetsa mu 1895. Nkhani imeneyi inatikonzekeretsa bwino, chifukwa kumene tinkapita ndi kunyumba imene ulamuliro wa atsamundawo unkachokera.

Ku Zomba tinakwera mtunda wapansi kuchokera m'tauni mpaka pa Masongola, m'tsinde mwa phiri. Nyumbayi inamangidwa mu 1886 ndi abale a banja la Buchanan kuti muzikhala kazembe wa Britain, a Hawes. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, Harry Johnston ankalamulira ali m'nyumba imeneyi. Dzina lake linachokera ku nsanja zake ziwiri zosongoka. Pambuyo pake inakhala nyumba yogona alendo a boma, kenako hotela. Tinapempha kaye chilolezo tisanayambe kuizungulira. Ana anagwira makoma ake ochindikala, n'kuwerenga pa zala kuti nyumbayi inalipo kale agogo a agogo awo ali ana. Tinawakumbutsanso kuti njerwa zimenezo zinaumbidwa ndi kusenzedwa ndi anthu akuda amene maina awo sanalembedwe pakhomapo.

Kamba wathu tinadyera m'munda wa mitengo ndi maluwa umene uli pafupi, pamthunzi, mtsinje wa Mulunguzi ukumveka. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zina za nthawi imeneyo zikuoneka kuti zatopa. Nyumba yosasamalidwa sichedwa kugwa, monganso luso lopanda wolilandira limapita ndi mwini wake kumanda.

Ulendo wotsatira tapangana kulowera kumpoto, pa msewu wochoka ku Balaka kupita ku Salima, mpaka ku Mua m'boma la Dedza. Mishoni ya Akatolika imeneyi inayamba mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsapo malo a zaluso a Kungoni. Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo zigoba za Gule Wamkulu. Makolo, kambiranani ndi ana musanalowe, kuti adziwe kuti kuphunzira mbiri ya anansi athu si kutsatira mwambo wawo.

Tinafika kunyumba dzuwa litalowa, miyendo ikuwawa. Mwana uja anatenga kope lake, nalemba masamba awiri athunthu osafunsa munthu. Makolo anzathu, ndalama ya minibasi ndi kamba wa pakhomo n'zokwanira. Sankhani tsiku, valani nsapato zoyendera, mutsike pamene mumangodutsa paja.