Zipupa Nazonso Zimadya Malo

Anzanga acinyamata, kodi munaonapo mmisiri womanga akulemba nyumba pansi ndi kamtengo? Ine ndinamuona kwathu ku Pamodzi, mu Ndola, m'mwezi wa June caka ca 2024. Anafika m'mawa, nayendayenda kuseri kwa nyumba yathu, kenaka anatola kamtengo nayamba kulemba mizere pa fumbi. "Cipinda coyamba apa, caciwiri apa, cacitatu apa. Amai, gulani cabe mabuloko 1,500, tidzayamba Lolemba." Amai anavomera. Pofika madzulo nkhuku zinali zitapalasa pamalopo, ndipo pulani yonse inali itafafanizika.

Ndalama zimene Amai anafuna kumangira sizinali ndalama wamba. Zinali zimene analandira ku kampani kumene Atate anali kugwira nchito asanamwalire, ndipo tonse tinali kudziwa kuti zikatha sikudzabweranso zina. Colinga cao cinali kumanga zipinda zitatu zocititsa lendi, kuti azipezerapo ndalama za sukulu za alongo anga awiri. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinadzifunsa kuti, kodi thukuta la Atate la zaka zonse zija tiliike pa mizere imene nkhuku zafafaniza? Ine ku koleji ndinaphunzira za uphunzitsi, osati zomangamanga, koma ndinali ndi laputopu yakale. M'mawa mwake ndinapempha Amai kuti andipatse milungu iwiri ndijambule nyumbayo asanagule ngakhale thumba limodzi la simenti.

Amalume atamva zimenezi anaseka. "Mphwanga, nyumba imamangidwa ndi simenti, osati ndi kompyuta." Amai sanaseke. Anangoti, "Milungu iwiri yokha, mwanangu. Mvula siyembekeza munthu."

Ndikuuzeni mosabisa kuti mlungu woyamba ndinauononga. Aliyense amene ndinamufunsa anachula dzina limodzi, AutoCAD. Imeneyi ndi pulogilamu ya kampani ya Autodesk imene inatuluka koyamba mu 1982, ndipo akatswiri ambiri ojambula nyumba amagwiritsa nchito imeneyi. Koma ndi yolipira, ndipo mtengo wake wa caka cimodzi ungagule mabuloko ambiri ndithu. Ophunzira a m'makoleji amaloledwa kuigwiritsa nchito mwaulere kwa caka cimodzi, koma ine ndinali nditamaliza kale sukulu. Pamenepo ndinacita cinthu cimene ndimacita naco manyazi mpaka lero: ndinalandira pa fulashi pulogilamu yakuba kwa mnyamata wina m'tauni. Pulogilamuyo sinatseguke n'komwe. Cimene cinatseguka ndi vailasi, ndipo manotsi anga ophunzitsira pamodzi ndi mndandanda wa maina a gulu lathu la acinyamata zinapita. Ndinayamba ndalipira munthu wokonza laputopu ndisanajambule ngakhale mzere umodzi.

Kenaka ndinayesa SketchUp, imene inayamba mu 2000, nigulidwa ndi Google mu 2006, ndipo kuyambira 2012 ili m'manja mwa kampani ya Trimble. Ndi yokoma kuiona, ndipo munthu amaphunzira msanga kukweza zipupa. Koma mtundu wake waulere umagwira nchito pa intaneti. Mukumbukira mmene zinthu zinalili mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba. Magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, netiweki nayo inali kubwera ndi kupita, ndipo mabandulo anga anali kutha ndikali kuyembekeza kuti tsamba litseguke.

Apa m'pamene ndinazindikira kulakwa kwanga. Ndinali kufunafuna dzina lochuka m'malo modzifunsa cimene ndinali kufuna kucita. Ndinatenga pepala ndi kulemba mafunso anai. Kodi pulogilamuyo ndi yaulere mwalamulo? Kodi imagwira nchito popanda intaneti? Kodi laputopu yakale ingainyamule? Kodi ingalembe miyeso yeniyeni ndi kusindikiza pa pepala mwa sikelo yolondola? Mafunso amenewa anandisiyira mapulogilamu awiri.

Yoyamba ndi Sweet Home 3D, imene anaipanga Mfalansa wina dzina lake Emmanuel Puybaret. Imeneyi inapangidwira anthu wamba ngati inu ndi ine. Umajambula zipupa kumtunda kwa sikirini, ndipo pansi pake nyumba imaoneka itaimirira monga momwe ungaionere ndi maso. Zitseko, mazenera, mabedi ndi matebulo zilimo kale, umangokoka ndi kuika pamene ufuna, ndi kusintha kukula kwake. Imawerengeranso yokha ukulu wa cipinda ciliconse. Yaciwiri ndi LibreCAD. Imeneyi ilibe zokongoletsa, ndi ya mizere yokhayokha, monga mmene pulani imaonekera pa pepala. Umajambula mu mamilimita mwa ukulu weniweni wa cinthuco, ndipo posindikiza m'pamene umasankha sikelo. Imasunga nchito mu mtundu wa DXF, umene AutoCAD ndi mapulogilamu ena a akatswiri amatha kutsegula. Zonse ziwirizi ndinazitenga pa masamba a eni ake usiku wina magetsi atabwera, ndipo pambuyo pake sindinafunenso intaneti.

Koma pulogilamu sidziwa puloti ya kwanu. Inandifunsa funso limene ndinalibe yankho lake: cipupa ici n'cotalika bwanji? Conco ndinabwereka tepi yopimira, ndipo mlongo wanga wamng'ono anagwira mbali imodzi, ine ina. Titasiya malo oyendamo m'mbali mwa mpanda, tinapeza kuti malo omangapo anali mamita 9 m'litali. Mtima wanga unakhala pansi, cifukwa zipinda zitatu za mamita atatu ciliconse zimapanga 9 ndendende.

Tsopano mvetserani bwino, cifukwa apa ndiye pagona nkhani. Pa fumbi, mzere ulibe kunenepa. Pa pepala, mzere wa pensulo ulibenso kunenepa. Koma pulogilamu isanakulole kuimika cipupa imafuna kudziwa kucindikala kwake. Buloko ya mainchesi 6 ndi pafupifupi mamilimita 150, ndipo ukaika pulasitala mbali zonse ziwiri cipupa cimafika pafupifupi mamilimita 180. Zipinda zitatu zondandalikana zimafuna zipupa zinai, ziwiri kumapeto ndi ziwiri pakati. Zipupa zinai zimenezo zinadya mamilimita 720. Pa mamita 9 panatsala 8.28, ndipo cipinda ciliconse cinacepa kufika mamita 2.76. Nditaikamo bedi ya anthu awiri, imene m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamita 1.37, ndi wadilopu ya masentimita 60, citseko ca masentimita 80 cinayamba kugunda wadilopu potseguka. Ndipo ndinaona cinthu cina cimene tonse tinaciiwala pa fumbi paja: mabanja atatu a lendi akanagwiritsa nchito cimbudzi citi?

Madzulo amenewo ndinaika laputopu pa tebulo ndi kuitana Amai ndi Amalume. Pulani ya mizere Amai sanaimve, koma nditawaonetsa nyumba yoimirira mu Sweet Home 3D ndi kuwalowetsa m'cipinda pa sikirini, anakhala cete kwa kanthawi. Kenaka anati, "Ici si cipinda, ndi khola. Munthu wa banja sangakhale umu miyezi iwiri." Anali Amai eni ake, osati ine, amene anaganiza zoti timange zipinda ziwiri zokulirapo, pakati pake cimbudzi ndi bafa. Amalume anaweramira pa sikirini nati, "Zenera ilo lisayang'ane kumene kumaponyera mvula. Lisunthe." Ndinalisuntha iwo akuona. Anapempha kusuntha citseko, ndinasunthanso. Pa kompyuta kugwetsa cipupa sikudya ndalama iliyonse, pamene pa puloti kumadya mabuloko, simenti ndi malipiro a mmisiri.

Pulani itakhazikika, ndinawerengera mabuloko. Buloko imodzi pamodzi ndi matope ake a simenti imatseka malo a masentimita 40 m'litali ndi 20 m'mwamba, kutanthauza kuti sikweya mita imodzi ya cipupa imadya mabuloko 12 ndi theka. Zipupa zathu zonse zinali mamita 32 m'litali ndi mamita 2.8 m'mwamba. Nditacotsa malo a zitseko ndi mazenera, panatsala masikweya mita pafupifupi 80, amene ndi mabuloko 1,000. Ndinathamangira kwa mmisiri uja mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti ndagwira wakuba. Mkuluyo anayang'ana pepala langa modekha, nandifunsa kuti, "Nanga a m'maziko ali kuti, mwana wanga? Nanga okwezera denga kuti madzi azitsika? Nanga amene amasweka potsitsa m'galimoto?" Ndinasowa coyankha. Tinakhala pansi tonse awiri ndi kuwerengera pamodzi, ndipo ciwerengero cimene tinagwirizana cinali pakati pa canga ndi cake. Pepala lija silinandipange kukhala wanzeru kuposa iye, koma linatipatsa cinthu cimodzi coloza ndi cala pokambirana. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Pali cenjezo limodzi limene sindifuna kuti muliphonye. Cimene ndinajambula sindico cimene tinapereka ku khonsolo. Lamulo la dziko lathu la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna kuti munthu apeze cilolezo asanamange, ndipo kwa ife a ku Pamodzi cilolezoco cimacokera ku Ndola City Council. Nchito yojambula nyumba nayo ili ndi eni ake, amene amalembetsedwa ku Zambia Institute of Architects, ndipo ambiri a iwo anaphunzira zaka zingapo pa Copperbelt University ku Kitwe. Tinapita kwa katswiri wotero ndi pulani yanga ya LibreCAD pa fulashi. Anaitsegula, nakulitsa zenera la bafa kuti mpweya uzilowa, nasuntha dzenje la zonyansa kuti litalikire maziko, naonjezapo zojambula za maziko ndi denga zimene ine sindikanazidziwa. Pulogilamu ingakuuze kuti bedi yakwana, koma singakuuze ngati dothi la pa puloti yako lidzanyamula cipupa. Komabe katswiriyo anati nchito yake inapepuka, cifukwa banja linabwera litagwirizana kale cimene lifuna.

Ndiye ngati nanunso muli kufunafuna pulogilamu yojambulira, langizo langa ndi ili. Ngati mufuna kuonetsa makolo mmene nyumba idzaonekere, yambani ndi Sweet Home 3D. Ngati mufuna pulani ya miyeso, kapena cojambula ca geti, cishango ca pazenera kapena tebulo coti mupatse wowochelera zitsulo kapena kalipentala, phunzirani LibreCAD. Mnzanga wina wa m'gulu lathu amene amapanga mageti anaiphunzira m'masiku ocepa, ndipo tsopano kasitomala amaona geti yake pa pepala citsulo cisanadulidwe. Amene afuna kupita patsogolo ndi zojambula za zipangizo za makina angayese FreeCAD, imene ndi yaulerenso ndipo mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu November 2024, koma imafuna kuleza mtima. Posindikiza, sankhani sikelo ya 1:100, pamene sentimita imodzi pa pepala imaimira mita imodzi pansi, ndipo muuze wosindikizayo asakulitse kapena kucepetsa cojambulaco kuti cidzaze pepala. Mukacilandira, ikanipo lula muone ngati cipupa ca mamita 9 cili masentimita 9.

Nanga amene mulibe kompyuta? Musadandaule. Pepala la timabokosi la m'buku la masamu, lula ndi pensulo zingacite nchito yomweyo, malinga mukumbukire kujambula cipupa ciliconse ndi mizere iwiri, osati umodzi.

Zipinda ziwiri zija zinamangidwa, ndipo alongo anga ali pa sukulu. Amalume tsopano afuna ndiwajambulire khola la nkhuku, ndipo ndawauza kuti ayambe apima malo.

Inunso yambirani pomwepo. Loweruka likudzali bwerekani tepi, pimani cipinda cimene mumagonamo, bedi, citseko ndi zenera, ndipo mucijambule. Mukamaliza, pitani kunja mukapimenso cipinda comweco, ndipo muone kusiyana kwa miyeso iwiriyo. Kusiyanako ndiko zipupa. Tsiku limene makolo anu kapena inu eni mudzagwira ndalama zomangira, mudzakhala mukudziwa kale zofunsa mmisiri asanatole kamtengo.