Otengedwa ndi Otsala

Nkhani za kutha kwa dziko sizisowa omvera. Mu 1995 anthu awiri a ku America, Tim LaHaye ndi Jerry B. Jenkins, adatulutsa buku lanthano lotchedwa Left Behind, ndipo pofika 2007 mabuku a nkhani yomweyo adakwana 16, atagulidwa makope opitirira mamiliyoni 60. Nthanoyo imayambira m'ndege usiku. Anthu ena angozimirira, pamipando pangotsala zovala. Woyendetsa ndegeyo, Rayford Steele, pofika kunyumba apeza kuti mkazi wake ndi mwana wake wamwamuna kulibe. Akhristu enieni akwatulidwa kumka kumwamba, ndipo otsala akumana ndi zaka 7 za masautso pansi pa Wokana Khristu.

Ambiri a ife kuno ku Chazanga mabukuwo sitidawawerenge. Nthanoyo idatipeza kudzera m'kanema wake wa mu 2000, amene ine ndidaonera pabenchi m'kachipinda koonetsera vidiyo, ndiponso kudzera mwa alaliki a m'mabasi. Kunena zoona kanemayo ngwokoka mtima. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wa mlongo wanga, ali ndi zaka 9, adabwera tsiku lina kuchokera kusukulu napeza chitseko chili pululu, mphika uli pambaula, chitenje cha amake chili pampando. Adalira mpaka anansi adathamangira, poganiza kuti kwagwa maliro. Amakewo n'kuti ali pamzere kupompi. Akulu adaseka, koma mwanayo adatha masabata akukana kugona yekha, ndipo funso lake lidali loti adalakwa chiyani kuti Yesu amusiye.

Abale anga, chiphunzitso cha mkwatulo wachinsinsi si chakale monga momwe ambiri amaganizira. Amene adachifalitsa ndi John Nelson Darby wa gulu la Plymouth Brethren, m'zaka za m'ma 1830. Eklezia sachiphunzitsa. Chimene timavomereza pa Misa Lamulungu lililonse n'chakuti Ambuye adzabweranso kamodzi mu ulemerero, akufa adzauka, ndipo onse adzaweruzidwa. Za tsiku lake, Mateyu mutu 24 ndi Marko mutu 13 amatiletsa kuwerengetsa. Harold Camping adawerengetsa, nalengeza kuti ndi pa 21 Meyi 2011, koma kudacha bwinobwino pa 22.

Tisafulumire kuseka a mipingo ina. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, gulu la Joseph Kibweteere ndi Credonia Mwerinde lidali la anthu otuluka mu mpingo wathu womwewu, ena mwa atsogoleri ake adali ansembe, ndipo ankati Amayi Maria amawaonekera. Adauza anthu kuti dziko litha pa mapeto a 1999, anthu nagulitsa minda ndi ziweto. Pa 17 Malichi 2000 mazana a iwo adapsera m'nyumba yopemphereramo zitseko zitakhomedwa, ndipo pamodzi ndi mitembo yopezeka m'maenje, akufa adapitirira 700. Mantha sayang'ana kuti munthu adabatizidwira kuti.

Chimene chimandisautsa kwambiri mu nthano za mkwatulo n'chakuti zimaonetsa mkhristu wabwino ngati munthu wochoka mavuto asanafike, kusiya anzake pamoto. Buku la Chivumbulutso, limene olemba nthanozi amatengako zilombo ndi malipenga, silidalembedwere anthu othawa ayi. Yohane adalilemba ali pa chilumba cha Patmos cha m'ma 95, kulembera mipingo 7 ya ku Asia Minor, Akhristu ochepa ozingidwa ndi ufumu wa Aroma. Sadawalonjeze kuti achotsedwa. Adawapempha kuti apirire pomwe aliripo.

Ife tidamva tanthauzo la zimenezi nthawi ya kolera. Mliri wa mu Okutobala 2017 udayambira m'dera la Chipata, loyandikana nafe, ndipo pofika Januwale 2018 bwalo la Heroes Stadium, kumene anyamata athu amapita wapansi kukaonera mpira, lidasanduka chipatala. Boma lidaletsa misonkhano, ndipo ngakhale mapemphero adakhudzidwa. Mu Januwale 2024 zidabwerezanso, mabedi adayalidwanso m'bwalo lomwelo, ndipo mliriwo udapha anthu opitirira 700 m'Zambia yense. Pa nthawi zonse ziwirizi padali ena oyenda khomo ndi khomo kunena kuti zizindikiro zakwana, monga adaneneranso pa kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene mdima udagwa masana m'Lusaka.

Koma ine maso anga adali pa amayi a mu mphakati wathu. Mantha adali nawo, asakunamizeni munthu. Mayi wina wachikulire ankanjenjemera manja pothira kolorini m'zigubu, komabe ankathira, nyumba ndi nyumba, mpaka kwa anansi osapemphera nafe. Anyamata awiri adanyamula mkulu wina pawilibala pakati pa usiku, m'matope a dzinja, kukafika naye kumseu. Maliro sankaloledwa kugonera monga mwa mwambo, choncho tinkapemphera Kolona aliyense pakhomo pake pa ola limodzi logwirizana, ndipo m'mawa wina ankakasiya ufa ndi makala kwa ofedwa.

Masukulu adatsegulidwa pa 12 Febuluwale 2024, patapita mwezi wathunthu kuchokera pa tsiku loyenera. Zitsime zosaya zoyandikana ndi zimbudzi zikadalipo m'komboni mwathu, ndipo mvula ikagwa madzi amasakanikirana. Pa msonkhano wa mphakati wotsatira ndidapempha kuti tikamaliza kugawana mau a Mulungu tikambirane za zimbudzi, ndipo tidayamba ndi kulemba maina a nyumba zimene zimamwabe madzi a m'chitsime.