Chilango cha Mphamvu Zobwereka

Kwa mnyamata wa ku Linthipe wothamangitsa mpira wachikulunga, nyonga zimachokera m'nsima ndi m'thukuta. Ku America, pamasewero a baseball, omenya kampira ndi chibonga, ena anazifuna m'jakisoni. M'chaka cha 2005 wogwidwa koyamba ndi mankhwala owonjezera mphamvu ankaimitsidwa masiku 10 okha, chilango chosaopsa ngakhale mwana. Pofika 2014 chinakwera kufika masewero 80, ndipo chaka chomwecho Alex Rodriguez anakhala panja masewero onse 162. Barry Bonds, amene anamenya mpira kutali koposa aliyense, ka 762, ankamuganizira kwambiri koma sanaimitsidwepo. Iyeyo anamulanga ndi atolankhani, amene kwa zaka 10, mpaka 2022, anakana kumulowetsa m'gulu la akatswiri olemekezeka.