Holide, ana atatu na pulogilamu ya festivo

Masukulu akatseka, nchito yosunga ana imagwela ife. Amai ali ku msika, atate ali ku nchito, ndipo ife amene tinatsiliza Giledi 12 koma tikali kuyembekezela malo ku koleji ndife timauzidwa kuti, "Atengeni ang'ono anu mukayendeko, asamangokhala pa foni." Amatipatsa ya basi, ya matikiti na kocepa ka zakumwa. Kumene tizapita na zimene anawo azatamba, zonse zili pa mutu pathu.

Mu Lusaka zotamba sizisowa. Barefeet Theatre, gulu limene linayamba mu 2006 kusewenza na ana okhala m'misewu, limadziwika na festivo yake ya acinyamata, ya masewelo, ng'oma na ligubo la mu msewu. Kuli Circus Zambia, imene inayambitsidwa na anyamata a ku Chibolya. Ku Lusaka Playhouse kumacitikila April International Theatre Festival, ndipo masukulu ali na mipikisano yao pansi pa NASAAZ. Vuto limabwela tikagwila pulogilamu m'manja: maina a masewelo amene sitinamvelepo, nthawi zogundana, ndalama yokwana sewelo limodzi kapena awili cabe, na ana atatu amene wina ali na zaka 4, wina 8, wina 13.

Coyamba cimene maso athu amathamangila ni dzina la woseketsa amene timam'dziwa pa TikTok kapena pa Facebook. N'zomveka. Ifenso tifuna kuseka, ndipo tinakula tikuseka Bikkiloni na Diffikoti pa TV pamodzi na makolo athu. Koma komedi ya pa siteji, maka-maka ya madzulo, amaikonzela anthu amene amalipila lendi. Nkhani zake ni za ukwati, zibwenzi zam'mbali, mowa, nkhongole na ndale. Mwana amaseka ndithu, cifukwa holo yonse iseka. Zimene wamva amazisunga, ndipo zimatulukila pa nsima, pamaso pa atate, atafunsa mokweza tanthauzo la liu limene ngakhale ife sitingalichule m'nyumba.

Manyazi aconco amatha. Cimene cimatidetsa nkhawa kwambili ni munthu amene akusekedwa. Pali nthabwala zimene zilibe liu loipa olo limodzi, za "family show" zeni-zeni malinga na posita, koma kuseka konse kwatsamila pa munthu wacibwibwi, wotsimphina, mkazi wonenepa, wakuda kwambili, wacialubino, kapena wa kumudzi amene sadziwa kukwela ma eskaleta a pa mall. Mwana wa zaka 8 saona kuti uyu ni wosewela cabe. Amaona akulu-akulu mazana akuombela m'manja munthu amene akuyeselela cibwibwi, ndipo m'kalasi mwake muli mnzake wacibwibwi. Sukulu ikatsegula, sewelo lija limabwelezedwa pa bwalo nthawi ya buleki, ndipo mnzake uja sanagule tikiti iliyonse. Nthawi zina wosekedwayo ni mwana amene tabwela naye, wakhala pambali pathu, akumwetulila mokakamiza.

Nkhani ya cimbuya ni yovutilapo, cifukwa ise tonse timaikonda. Mbemba akatinena kuti timadya mbewa, ife n'kumubwezela za kolwe, timadziwa kuti kumbuyo kwake kuli ubale: Angoni na Abemba anamenyana kale-kale, ndipo lelo adzukulu ao amathilana fulawa pa malilo na kuthandizana kuika. Woseketsa wodziwa nchito yake amamenya mbali zonse ziwili, amayamba na mtundu wake. Mwana angatambe zimenezo, maka-maka ngati pobwelela tam'fotokozela cifukwa cake amai ake a Cibemba na atate ake a ku Chipata anaseka onse. Koma woseketsa wina amatenga mtundu umodzi n'kuupondeleza kwa mphindi 20, ndipo pamenepo cimbuya catha, catsala ni cipongwe. Mwana sangasiyanitse. Ife tingathe, ndipo mavidiyo a anthu awa ali pa YouTube. Mabandulo a mphindi 10 ni ocepa poyelekezela na mtengo wa matikiti anai.

Tikathawa komedi, nthawi zambili timagwela mbali inayo: sewelo la phunzilo. Tonse tinakula nawo. Ng'oma zimalila pa msika kapena pa kiliniki, anthu amasonkhana, kenako sewelo la HIV, la maukwati a ana, la kolela. Sitingawanyoze. Amene anaona masukulu akucedwa kutsegula mu January 2024, na Heroes Stadium itasanduka cipatala ca odwala kolela, adziwa kuti sewelo lokamba za kusamba m'manja lili na nchito yake. Koma mwana amene tamutenga pa holide wakhala akulangizidwa temu yonse: ku asembule, ku Sande sukulu, kunyumba. Tikamukhazikanso pa benchi kuti atambe mtsikana wosamvela makolo akutenga mimba, akudwala, akumwalila, ndiyeno wosewela wina n'kubwela kutsogolo kufunsa kuti "taphunzilapo ciani", mwanayo amatenga phunzilo lina limene sitinafune: kuti ku sewelo ni kalasi ina, yongosiyana kuti amalipilitsa pakhomo. Caka camawa tikati tiyeni, azati ali bwino na foni.

Masewelo otele amavuta kuwakana cifukwa makolo amawakonda. Ukauza amai kuti ana akatamba za kuipa kwa mankhwala osokoneza bongo, ndalama imatuluka mosavuta. Ukati akatamba anthu oyenda pa mitengo italiitali na wina wozungulutsa mbale pa ndodo, amafunsa ngati zimenezo n'zolipilila.

Ife timati n'zolipilila, ndipo cifukwa cake ambuya athu anacidziwa kale. Nthano siyamba mpaka ana atayankha. Wokamba akati "Panangokhala", amayembekezela "Tili tonse", ndipo pakati pa nkhani pali nyimbo imene ana ayenela kuvomela. Ana akakhala cete, nthano yaima. Onaninso kuti Kalulu si mwana wabwino. Amanama, amadyela anzake masuku pamutu, amapusitsa Fisi na Njovu, koma ana amam'konda cifukwa ni wamng'ono amene amapambana akulu. Phunzilo limakhalamo, koma silikhala pa mpando wa kutsogolo. Ici ndiye timafuna tikawelenga pulogilamu: sewelo limene linasiyila mwana malo. Kumene angakuwe kuti "ali kumbuyo kwako!" wosewela n'kutembenukila mbali yolakwika dala. Kumene ng'oma ikalila amaloledwa kunyamuka. Masewelo a zidole, a maseŵela olimbitsa thupi monga a Circus Zambia, a nthano zoimba, nthawi zambili amakhala otele. Sewelo la anthu awili okhala pa sofa akukangana za malo a malemu kwa ola na hafu, olo likhale labwino bwanji, n'lathu ife.

Funso lakuti sewelo ili n'la ndani si latsopano mu mzinda uno. Lusaka Playhouse inamangidwa m'nthawi ya atsamunda, ya azungu otamba masewelo a ku England. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ophunzila a pa UNZA pamodzi na mphunzitsi wao Michael Etherton anakonza bwalo la panja n'kulicha Chikwakwa, dzina la cida cochetchela udzu, ndipo anayamba kutengela masewelo ku zigawo, m'zinenelo za anthu a kumeneko. Iwo anali kuganizila anthu akulu amene anatsekeledwa kunja. Manje makomo ni otseguka, koma mwana wa zaka 6 wa ku Kanyama angakhale mkati mwa holo n'kukhalabe kunja, ngati zonse zikukambidwa m'Cizungu cothamanga. Sitikamba kuti sewelo likhale la Cinyanja ceka-ceka. Ana a mu Lusaka amasakaniza Cinyanja, Cibemba na Cizungu m'ciganizo cimodzi. Timangofunsa ngati mwana angatsatile nkhaniyo na maso, olo mau ena am'pite. Magulu ocokela kunja amene amasewela na thupi, mau ocepa, kambili amagwila ana kupambana sewelo lathu lodzala na zokamba.

Za msinkhu timafunika kudzifunsila tekha. Ku Edinburgh Fringe, festivo ya ku Scotland imene inayamba mu 1947 ndipo imakhala na masewelo masauzande mu August, pulogilamu ili na cigawo ca ana, ndipo sewelo lililonse amalembapo msinkhu woyenela. Kuno posita kambili imangolemba dzina, tsiku, mtengo na nambala ya foni. Nambalayo ni yosewenzetsa. Timatuma meseji pa WhatsApp: litenga nthawi itali bwanji, lili m'cinenelo canji, muli kumenyana kapena malilo, nanga mwana wa zaka 4 angakhalemo? Ocita masewelo ambili amayankha mokondwa, cifukwa nawonso safuna mwana wolila pakati pa sewelo lao. Amene wayankha cabe kuti "bwelani, n'za banja lonse" osafotokoza ciliconse, timam'kayikila pang'ono.

Wa zaka 4 amayopa zinthu zitatu: mdima, cinyau ca kumaso na sipika. Malaiti akazima mwadzidzidzi m'holo, iye sadziwa kuti ni mbali ya sewelo. Kwa iye timasankha za panja, za masana, zosapitilila mphindi 40 kapena 45, ndipo timakhala kutali na masipika. Wa zaka 8 ni wosavuta, ndipo kumuyofya pang'ono si mlandu. Ana a msinkhu uwu amakonda kuyopa ali pa malo otetezeka, monga mmene timathawila Gule koma n'kumasuzumilabe pa mpanda. Fisi wa pa siteji amukuwitse, malinga dzanja lathu lili pafupi. Wovuta ni wa zaka 13. Amacita manyazi na ciliconse colembedwa kuti "ca ana", amafuna komedi imene ife tifuna, ndipo hafu ya nthabwala zake amazimva bwino kupambana mmene timaganizila. Ngati ndalama ilola sewelo limodzi cabe, timatsatila wamng'ono pa nkhani ya mantha na utali, cifukwa iye akalila tonse tituluka. Wamkuluyo timam'patsa nchito: asankhe pakati pa masewelo awili amene tawaona kale kuti ali bwino, asunge matikiti, ajambule. Amang'ung'udza m'basi, koma pofika pakati pa sewelo foni imakhala ili pa miyendo.

Pali cina cimene pulogilamu siilemba. Sewelo lingakhale loyela bwino-bwino, koma pakati pa sewelo na linzake pamakhala MC na DJ, ndipo iwo palibe amene anawayesa. Apa ndiye pamatulukila nyimbo za ku bawa na mpikisano wovina wa ana. Timaudziwa tonse: aitana tuatsikana tutatu pa siteji, nyimbo ya akulu ilila, ndipo amene wadula ciuno kwambili ndiye akulu amamuwomba m'manja na kumuponyela ndalama, mafoni ali m'mwamba. Vidiyo imeneyo imayenda pa magulu a WhatsApp kwa zaka. Mwana wa anthu amene tinapatsidwa m'mawa sakwela pamenepo, olo alile. Nthawi ya MC ndiye nthawi yathu yopita ku toileti na kukagula ma freezit. Pa cifukwa cofananako, ku komedi sitikhala mzele wa kutsogolo. Woseketsa akasowa cokamba amayang'ana amene ali pafupi, ndipo mwana wa mutu waukulu kapena wa mano otuluka ni cakudya cosavuta.

Tikapeza pa pulogilamu sewelo limene ana anzao ndiwo akusewela, timaliika pamwamba, olo litakhala losapsa kweni-kweni. Mau amamveka pang'ono, wina amaiwala mzele, ndevu za thonje zimagwa. Koma mwana wa ku komboni akaona mnzake wa msinkhu wake ataimilila pamwamba pa mapewa a anthu atatu, holo yonse ikum'kuwila, amakhala cete mwa mtundu wina. Katuni sanam'citepo zimenezo, cifukwa palibe amene amaganiza kuti angakhale katuni. Mawa lake citenje ca amai cimapacikidwa pa waya wa zovala, ana a pa yadi yonse akhala pansi, ndipo tikiti ni tsamba la mango. Bungwe la ASSITEJ, loona za masewelo a ana padziko lonse, linapatula 20 March kukhala tsiku lolimbikitsa akulu kutengela ana ku sewelo. Tsikulo limagwela mkati mwa temu, conco kwa ife mwayi weni-weni ni holide ya April, ya August na ya December.

Sewelo limodzi pa tsiku n'lokwana, awili ngati pakati pali cakudya. Timanyamula madzi na mabanzi kucokela kunyumba cifukwa za pa festivo zimadula, ndipo timalemba nambala yathu pa kapepala n'kuika m'thumba la wamng'ono. Timasankha sewelo lotha dzuwa likali m'mwamba, popeza kulimbilana basi pa Kulima Tower kapena pa City Market mdima utagwa, uli na ana atatu, wina atagona pa phewa, kungafafanize zonse zabwino za tsikulo. M'basi sitifunsa zimene aphunzila. Timangouza wa zaka 8 kuti ationetse mmene Fisi anali kuyendela, ndipo kondakita amacita kum'pempha kuti akhale pansi.