Khutu la Wolamula ndi Khutu la Wobisala

Mneni woti kumva amasenza katundu wolemera kuposa aneni ambiri a m'Chichewa. Munthu amamva mawu, amamva fungo, amamva njala, amamva ululu, amamvanso chisoni. Mwana wosamva si wogontha ayi, koma wokana malangizo, ndipo mkulu akafunsa kuti "mwamva?" sakuyesa makutu a munthu, akufuna kudziwa ngati nkhani yakhazikika mumtima. Ntchito imene Chingerezi chimagawira aneni anayi kapena asanu, Chichewa chidaisiya m'manja mwa mneni mmodzi. Choncho wolankhula Chichewa, kaya ndi wa ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia, akauzidwa kuti magemu a pakompyuta a masiku ano amachititsa wosewera kumva nkhondo yeniyeni, ali ndi chifukwa chofunsira kuti: kumva kwake kuti?

Magemu amene akunenedwa pano si aja oti wosewera amagwira mfuti yekha n'kumathamanga nayo. Awa ndi a luso lotsogolera nkhondo. Wosewera amayang'ana bwalo lonse kuchokera m'mwamba ngati kabawi, n'kumalamula magulu a asilikali, akasinja ndi mizinga kuti awa apite uku, awo abisale apo. Command & Conquer idatuluka mu 1995. Close Combat, ya mu 1996, idabweretsa asilikali otha kuchita mantha mpaka kukana lamulo. Company of Heroes, imene kampani ya Relic Entertainment ya ku Vancouver idatulutsa mu 2006, idatengera osewera ku Normandy wa mu 1944, ndipo idatchuka kwambiri chifukwa cha phokoso lake. Magemu amenewa akuseweredwa dziko lonse, kuphatikizapo m'nyumba za ku Germiston, Kempton Park ndi Tembisa, m'chigawo cha Ekurhuleni kum'mawa kwa Johannesburg, kumene ana a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia akukulira.

Akatswiri okonza phokoso la magemuwa ndi oyenera ulemu wawo, pakuti ntchito yawo si yachibwana. Amadziwa kuti phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kotero bomba likaphulika pa mtunda wa kilomita imodzi, moto umaoneka kaye ndipo kugunda kumafika patapita masekondi atatu, monga mmene mphezi imatsogolera bingu. Amadziwa kuti chipolopolo cha mfuti ya AK-47 chimatuluka pa liwiro loposa mamita 700 pa sekondi, ndiye kuti chimathamanga kuposa phokoso la mfuti imene yachilavula. Amene akuwomberedwa ali patali amayamba wamva kuthetheka kwa chipolopolo chikudutsa, kenako kulira kwa mfutiyo. Amadziwanso kuti mpweya umameza msanga mawu akuthwa, n'chifukwa chake mzinga wapafupi umang'amba khutu pamene wakutali umangoti dii, ngati mtondo wa kumudzi wina. Zonsezi amazitsanzira mosamala. Mu Company of Heroes msilikali akapanikizidwa mawu ake amasintha, amakuwa mosweka, ndipo wosewera amadziwa kuti zinthu zaipa asanayang'ane n'komwe mbali imeneyo.

Komabe pali malire awiri amene luso silingadumphe. Oyamba ndi a thupi. Kulira kwa mfuti pafupi ndi khutu kumaposa madesibelo 140, pamene phokoso lopitirira madesibelo 85 limawononga makutu munthu akakhala nalo nthawi yaitali. Palibe kampani imene ingagulitse gemu yogonthetsa ogula, choncho phokoso lenileni amalifinya kuti likwane m'mahedifoni, likhale loopsa koma lokoma. Malire achiwiri ndi ovuta kuposa apa. Pa gemu yotere diso la wosewera lili m'mwamba. Nanga khutu lake aliike pati? Akaliika kumwamba komweko, nkhondo imveka ngati chimanga chokazinga. Akaliika pansi, wosewera asokonezeka. Okonza amasankha njira yapakati: khutu limamva zonse zofunika, momveka bwino, pa nthawi yake, kuti mwini wake alamule mwanzeru. Limeneli ndi khutu la wolamula. Pa dziko lapansi palibe munthu adakhalapo nalo.

Ekurhuleni amadziwa khutu la mtundu wina. Dzina limeneli ndi la Chitsonga, litanthauza malo a mtendere, ndipo lidaperekedwa mu 2000 pamene matauni a East Rand adaphatikizidwa pansi pa khonsolo imodzi. Lidasankhidwa anthu asanaiwale zimene zidachitika pakati pa 1990 ndi 1994 ku Katlehong, Vosloorus ndi Thokoza, pamene otsatira Inkatha okhala m'mahositelo ankaphana ndi otsatira ANC a m'makomboni. Msewu wa Khumalo ku Thokoza udasanduka malire a nkhondo, ndipo lero pali chipilala chokhala ndi mayina mazanamazana a omwalira. Wojambula zithunzi Ken Oosterbroek adawomberedwa ku Thokoza komweko pa 18 Epulo 1994, kutatsala masiku ochepa kuti chisankho choyamba cha anthu onse chichitike. Mchewa akamva dzina loti Thokoza amaganiza za kuyamika, ndipo sakulakwitsa kwenikweni, pakuti mneni wa Chizulu ameneyu ndi mbale wa kuthokoza kwa Chichewa. Koma okhala kumeneko adaphunzira sukulu ina: kusiyanitsa makombola a chaka chatsopano ndi mfuti, mabingu a dzinja ndi bomba, mfuti yoyandikira ndi mfuti yopita kutali.

M'nyumba ina ya lendi ku Germiston mumakhala bambo wina wochokera ku Ntcheu pamodzi ndi mlongo wake ndi mwana wa mlongo wakeyo, mnyamata wa kusekondale amene adabadwira ku Joni konko. Mnyamatayo amakonda Company of Heroes. Tsiku lina mahedifoni ake atathyoka adalumikiza kompyuta ku sipika ya pabalaza, ndipo nkhondo ya ku Normandy idadzaza nyumba yonse. Amalume ake adaimirira kumbuyo kwake kwa kanthawi, akumvetsera.

"Amalume, mukumva? Ndi mmene zimamvekera zenizeni," adatero mnyamatayo m'Chichewa chake chopendekera ku Chizulu.

"Mfutizo azitha ndithu," adayankha amalumewo. "Koma agalu ali kuti, mphwanga? Nanga ana sakulira bwanji?"

Mnyamatayo adaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Amalume ake sadaonjezere kanthu, adangotuluka panja.

Mu Meyi 2008 bamboyu ankakhala m'chisakasa cha malata ku Ramaphosa, pafupi ndi Reiger Park ku Boksburg. Chiwawa chothamangitsa alendo chidayambira ku Alexandra pa 11 Meyi, ndipo pasanathe sabata chidafika ku East Rand. Pa 18 Meyi, ku Ramaphosa komweko, Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique adatenthedwa wamoyo, ndipo chithunzi chake chidazungulira dziko lonse. Pofika kumapeto kwa mweziwo anthu 62 anali ataphedwa m'dziko lonselo, enanso miyandamiyanda atathawira ku mapolisi, ku matchalitchi ndi ku misasa yonga wa ku Rand Airport ku Germiston. Boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake.

Zimene bamboyu amakumbukira za masiku amenewo si zooneka, pakuti adakhala maola ambiri mumdima, chitseko chokhoma, nyali yozima. Zonse zidamufika kudzera m'khutu. Kudayamba agalu, kuuwa mbali imodzi yokha ya komboni. Kenako malikhweru, kenako nyimbo ya khamu la amuna, imene inkakula ndi kuchepa malinga ndi kukhota kwa tinjira. Kenako zitsulo kumenya malata, nyumba ndi nyumba, ndipo iye ankawerenga kuti zatsala zingati. Mayi wa chisakasa choyandikana adatseka pakamwa pa mwana wake ndi chikhatho, ndipo kupuma kwa mwanayo kunkamveka kudzera m'malata. Mfuti zidalirako, koma mwa apo ndi apo, ndipo sizinali zoopsa koposa. Nthawi zina kulira kwa mfuti kunkatanthauza kuti apolisi afika. Khutu la wobisala silimva kuti lilamule. Limamva kuti lisankhe chimodzi mwa ziwiri, kuthawa tsopano kapena kudikira, ndipo silidziwa ngati lamva bwino. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Apa wamva m'mimba ankayenera kusankha ngati chitsekocho achitsekule n'komwe.

Pali chinanso chimene okonda zilankhulo sayenera kuchidumpha. M'masiku amenewo mawu a munthu ndiwo anali chiphaso chake. Achiwembu ankaimitsa munthu n'kumuloza chigongono kuti atchule dzina lake m'Chizulu. Yankho linali indololwane, mawu amene mlendo wophunzira Chizulu cha m'tekisi ndi cha kuntchito sakumana nawo kawirikawiri. Wolephera, kapena wotchula ndi lilime lachilendo, ankaonekera poyera. Muyeso umenewu sunali wolungama ngakhale pa zofuna za eni ake: mwa anthu 62 aja, 21 anali nzika za South Africa, ndipo olankhula Chitsonga, chilankhulo chimene chidapereka dzina la malo a mtendere, anali m'gulu la othamangitsidwa.

Magemu nawonso amagwiritsa ntchito zilankhulo, koma mwa njira yosiyana. Mu Age of Empires II msilikali aliyense amayankha lamulo m'chilankhulo cha mtundu wake, ndipo mu 2015 adaonjezamo maufumu a Mali ndi Ethiopia. Mu Civilization VI mfumu Shaka imalankhula Chizulu. N'zosangalatsa kumva zilankhulo za mu Africa m'malo otere, ndipo tsiku limene msilikali wa ufumu wa Maravi adzayankhe kuti "wawa" pa kompyuta, ambiri adzaomba m'manja. Koma m'magemu chilankhulo ndi chovala: chimakongoletsa gulu ndi kulisiyanitsa ndi linzake. Sichiika mwini wake pangozi. Palibe msilikali wa pakompyuta amene amameza mawu ake poopa kuti katchulidwe kamupereka.

Chodabwitsa n'chakuti Chichewa chili ndi zida zojambulira phokoso zimene okonza magemu akadazisirira. Ndi amvekero, mawu aja amene Clement Doke, katswiri wa zilankhulo wa pa yunivesite ya Witwatersrand, adawafotokoza mwadongosolo mu 1935. Mfuti imati phuu, chitseko chimati gwa, mtima umati phaphapha, miyendo njenjenje, anthu balala, mudzi wonse yakaliyakali. Mvekero sutchula phokoso lokha. Umanena mtunda, kulemera kwa chinthu, ndi mmene thupi la womvayo lidachitira. Ndipo pali amvekero a kusowa kwa phokoso: zii, chete, duu. Zii wa m'mudzi umene anthu athawamo si wofanana ndi chete wa anthu amene alipo koma akuopa kupuma. Gemu siingakhale zii kwa maola asanu ndi limodzi, chifukwa wosewera angaizimitse. Koma ofotokoza nkhondo amene adaiona, kaya ndi amayi a ku Tete amene adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo ya Renamo ndi Frelimo isanathe mu 1992, kaya ndi a ku Lilongwe amene adagona pansi pa bedi pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, amachedwa pa zii ameneyu kuposa pa kulira kwa mfuti.

Izi sizikutanthauza kuti magemu a nkhondo ndi oipa, kapena kuti mnyamata wa ku Germiston alandidwe kompyuta. Bawo nayonso ndi nkhondo ya kudya ndi kulanda, ndipo palibe amene amaidzudzula kuti mulibe kulira kwa amasiye. Alipo ngakhale okonza magemu amene adayesa kutsitsa khutu pansi. This War of Mine, ya kampani ya 11 bit studios ya ku Warsaw, idatuluka mu 2014 itatengera za kuzingidwa kwa mzinda wa Sarajevo. Wosewera amatsogolera anthu wamba obisala m'nyumba yogumuka, ndipo phazi lililonse lomveka kuseri kwa khoma ndi funso la moyo kapena imfa. Vuto lili pa mawu oti zenizeni. Mwana akakhulupirira kuti wamva nkhondo chifukwa mzinga wa m'mahedifoni ukugunda molondola, ndiye kuti watenga tanthauzo limodzi la kumva n'kusiya ena anayi.

Matanthauzo otsalawo sangawapeze kwa Relic Entertainment. Ali ndi amalume ake, m'Chichewa. Apa ndiye pali chisoni chenicheni, pakuti makolo ambiri amene adapulumuka 2008 adaphunzitsa ana awo kutseka pakamwa: m'tekisi usayankhule Chichewa, foni ya kumudzi ikalira pagulu usayankhe, kusukulu ukhale ngati anzako. Adachita zimenezi mwa chikondi, ndipo palibe angawaweruze. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana amadziwa kusiyanitsa mfuti ya Ajeremani ndi ya Amereka pa gemu, pamene sadziwa kusiyana kwa zii ndi chete, ndiponso sadziwa chifukwa chimene amalume ake amadzukira agalu akauwa mbali imodzi yokha. Nkhani ya ku Ramaphosa ikafotokozedwa m'Chingerezi imasanduka chiwerengero cha anthu 62. Ikafotokozedwa m'chilankhulo chimene wobisalayo ankapempherera chamumtima usiku umenewo, womvera amamva ndi khutu, ndi mimba, ndi mtima womwe. Ana a ku Ekurhuleni ayenera kuimva chotero, pakhomo, chitseko chili chotsekula, ofotokoza akadali moyo.