Tsiku Limene Ndidalongedza Katundu wa Pabalaza

Ndili m'Sitandade 5, monga mulili inumu, bambo anga adalandira kalata yoŵauza kuti akaphunzitse ku sukulu ina ya m'boma la Kasungu. Chidali chaka cha 1991, ndipo n'kuti tikukhala ku Ntcheu, m'nyumba ya aphunzitsi. Lole yodzatinyamula idayenera kufika Loŵeruka m'mamaŵa, kotero tsiku lonse Lachisanu lidali lolongedza katundu.

Amayi ndiwo adagaŵa ntchito. Iwo adatenga ziŵiya za kukhitchini, mlongo wanga adatenga zovala ndi zofunda, ndipo ine adandipatsa pabalaza. Ndidakondwa poyesa kuti ndapata ntchito yopepuka. Kodi pabalaza pamakhala chiyani? Si mipando, tebulo, kabati ndi wailesi basi? Wailesi yakanema tidalibe, pakuti ya dziko lino idatsegulidwa mu 1999.

Nditatsekula kabati m'pamene ndidadziŵa kuti ndidadzinamiza. Mudali makapu a alendo amene anafe tinkamwera pa Khirisimasi pokha, matambula, mbale zadothi, mabuku a bambo ndi makalata akalekale. Zinthu zimene zidaloŵa mnyumbamo chimodzichimodzi pa zaka zisanu ndi ziŵiri zidayenera kutuluka tsiku limodzi.

Bambo adabwera ndi makatoni opempha kugolosale, chingwe cha khonje ndi mulu wa nyuzipepala zakale za Boma Lathu. Adakhala pansi nayamba kundionetsa kalongedzedwe kake.

"Katoni ili ngati nyumba, mwana wanga, imayambira pa maziko," adatero. "Zolemera uike pansi, zopepuka pamwamba. Kapu iliyonse ivale malaya akeake a pepala. Mipata yotsala utseke ndi nsanza. Ukatha ugwedeze katoniyo. Ikalira, ndiye kuti ntchito sidathe."

Adandiuzanso kuti mabuku amalongedzedwa m'makatoni ang'onoang'ono, chifukwa katoni yaikulu yodzaza mabuku imabooka kunsi poinyamula. M'wailesi tidachotsamo mabatire kuopa kuti angasungunukiremo, kenaka tidaikulunga m'bulangete. Mafuta a m'nyali tidaŵakhuthulira m'botolo. Katoni iliyonse ikadzaza ndinkaimanga, n'kulemba pambali pake ndi khala zimene zidali m'katimo.

Dzuŵa litapendeka kudatsala zapakhoma: kalendala, wotchi ndi chithunzi cha agogo aamuna, bambo awo a amayi. Agogoŵa adapita ku Joni pa Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Chithunzicho adajambulitsa ku Johannesburg atavala jekete ndi chipeŵa. Adamwalira ine ndisanabadwe, choncho nkhope yawo ndidaidziŵira pakhoma pomwepo. Masiku ano munthu amajambula zithunzi zambirimbiri pafoni, china chikatayika n'kutenga china. Ife tidali ndi chimodzi chokhacho.

Nditangochitsitsa, anzanga adafika pabwalo ndi mpira wachikulunga. Ankandiitana kuti tiseŵere komaliza ndisanachoke. Mtima udathamanga, ndipo malangizo onse a bambo ndidaŵaiŵala. Ndidagoneka chithunzi chija pansi pa katoni, ndidaunjika mabuku pamwamba pake, ndipo poona kuti katoni ikukana kutsekeka ndidaitsindira ndi bondo.

Ndidangomva kuti tswa!

Ndidayang'ana uku ndi uku. Padalibe wondiona. Pamenepo m'mutu mwanga mudabwera maganizo oipa. Maŵa lole idzayenda mtunda woposa makilomita 250, kudutsa ku Dedza ndi ku Lilongwe. Akakapeza galasi litasweka, ndani sadzanena kuti ndi mabampu a mumsewu? Ndidamanga katoni ija msangamsanga n'kuthamangira kumpira.

Koma mpirawo sudakome. Madzulo nsima idakana kutsika kukhosi. Chimene chidandisautsa kwambiri sichidali mantha a chikwapu ayi. Ndinkangoona m'maganizo zidutswa za galasi zikukhula nkhope ya agogo ulendo wonse, lole ikamagwedezeka. Potsiriza ndidapita pomwe adakhala amayi n'kugwada.

"Amayi, ndalakwa. Ndaswa galasi la chithunzi cha agogo."

Amayi sadayankhe. Adatenga koloboyi naloŵa pabalaza, bambo ali pambuyo pawo. Adamasula chingwe, ndipo ine ndidatulutsa mabuku manja akunjenjemera. Bambo adatola zidutswa za galasi chimodzichimodzi, mosamala ngati akuchotsa minga ya nsomba. Chidutswa china chidali chitakanda kale paphewa la jekete, n'kusiyapo mzera woyera. Nkhope idali bwinobwino.

Amayi adachiyang'ana nthaŵi yaitali, kenaka adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Ukadakhala chete, tikadafika ku Kasungu bambo anga alibe nkhope," adatero motsitsa mawu.

Bambo sadandimenye. Adangondiuza kuti chinthu cha galasi sichiyenda chogona, chimayenda choimirira, ndipo pamwamba pake sipasanjikidwa kanthu. Adadula zikatoni ziŵiri, adaika chithunzi pakati, nachikulunga m'chitenje cha amayi.

"Waswa ndiwe, wonyamula ndiwenso," adatero pondipatsira.

M'maŵa kutacha lole idafika. Anthu oyandikana nafe adabwera kudzatithandiza kupakira. Kabati adaiimika kutsogolo n'kuimangirira, mipando adaivundikira patebulo, ndipo makatoni a mbale adaŵapanikiza pakati pa matiresi. Ntchito yonseyo sidatenge ngakhale maola aŵiri.

Ndidabwerera pabalaza kukaona ngati tasiya kanthu. Chipinda chidaoneka chachikulu modabwitsa, ndipo ndikatsokomola mawu ankabwerera. Pakhoma padatsala malo oyera a ngodya zinayi pamene padali chithunzi, ndi msomali pamwamba pake. Bambo adaloŵa, adauzula msomali uja nauponya m'thumba la malaya. Adati tikaufuna kutsogoloko.

Ulendo wonse ndidakhala nditafungatira chithunzi chija pachifuwa, choimirira. Ngakhale pamene tidaima ku Dedza kuti tigule mbatata yokazinga, sindidalole kuchitula pansi. Titafika ku Kasungu, tisanamasule katoni ina iliyonse, bambo adatulutsa msomali uja naukhoma pakhoma la pabalaza patsopano.

Galasi lina adagula patapita miyezi itatu. Lero chithunzicho chili pabalaza panga, ndipo ana anga akafunsa za mzera woyera uli paphewa la agogo, ndimaŵauza kuti adaulemba ndine.